MFUTI YAKALE YA CIPOLOPOLO CIMODZI: UKALE WOKHA SI CUMA

M'nyumba zina za kumidzi muli mfuti yaing'ono yopepuka, imene inasiyidwa ndi agogo kapena atate amene anagwirapo nchito pa mafamu a fodya, ku mishoni kapena ku Boma. Mfutiyo imalowa cipolopolo cimodzi cokha, ndipo ambiri amangoicha "tutu" cifukwa ca nambala 22 yolembedwa pa mpope wake. Masiku ano kwamveka mbiri yakuti ku maiko a kutsidya kwa nyanja kuli anthu olemera amene amagula mfuti zotere ndi ndalama zosawerengeka.

Mbiri imeneyi ili ndi coona pang'ono, koma bodza lake ndilo lalikulu. Banja losadziwa kusiyanitsa ziwirizi likhoza kunyengedwa, likhoza kuononga colowa cake ndi manja ake, ngakhalenso kugwa m'mlandu waukulu.

N'zoona kuti ku America, ku Britain ndi ku Australia kuli anthu amene amasonkhanitsa mfuti zakale monga momwe ena amasonkhanitsira masitampa kapena ndalama zakale. Anthu amenewa ali ndi mabungwe ao, mabuku ao a mitengo, ndiponso misika yao. Koma iwo sagula mfuti cifukwa cakuti ndi yakale cabe. Amayamba afunsa kuti ndi ya mtundu wanji, zinapangidwa zingati, yasungidwa bwanji, ndipo mwini wake anali ndani. Pa mafunso anai amenewa ndi pamene pamagona mtengo wa mfuti.

CINSINSI CILI M'MPHEPETE

Alenje akale a mfuti ya gogodela akudziwa bwino nchito ya kacisoti ka mkuwa koyatsa onga, kamene ena amati fataki. M'caka ca 1845, mmisiri wa mfuti wa ku Paris dzina lake Louis-Nicolas Flobert anatenga kacisoti kotere, nakapangira mphepete, naika kampira ka mtovu kukamwa kwake. Umo ndimo munabadwira cipolopolo ca mtundu umene Angerezi amati rimfire, kutanthauza kuti moto wake umayambira m'mphepete.

Kagwiridwe kake nkosavuta. Cigoba ca cipolopoloco ndi ca mkuwa wopyapyala, ndipo mankhwala oyatsa onga amakhala m'kati mwa mphepete ya kumatako kwake. Munthu akakoka kacitsulo koombera, kamsomali ka mfuti kamamenya mphepeteyo, mankhwala amayaka, onga umapsa, ndipo mtovu umaturuka. Zipolopolo za mfuti zikuluzikulu ndi zosiyana, pakuti moto wake umayambira pakati. Popeza cigoba ciyenera kukhala copyapyala kuti ciphwanyike pomenyedwa, sicingapirire onga wambiri. Ndico cifukwa cake zipolopolo za mtundu umenewu zinakhazikika pa mfuti zing'onozing'ono.

Mu 1857 kampani ya Smith & Wesson ku America inaturutsa cipolopolo cacifupi ca .22 Short. Mu 1871 kunabwera ca .22 Long, ndipo mu 1887 kampani ya J. Stevens ya ku Chicopee Falls, m'cigawo ca Massachusetts, inaturutsa .22 Long Rifle, cimene cikali kupangidwa mpaka lero, ndipo palibe cina cimene cimagulidwa kwambiri padziko lonse kuposa ico. Nambala 22 ikunena za kukula kwa kamwa la mpope, kumene kuli mamilimita 5.6. Mtovu wake umalemera magalamu osafika atatu.

MFUTI ZA ANYAMATA A PA FAMU

Pamene zipolopolo zinachipa, makampani anayamba kupikisana popanga mfuti zochipanso zoti mlimi wamba agulire mwana wake. Pa mafamu a ku America mnyamata wa zaka khumi kapena khumi ndi ziwiri ankapatsidwa mfuti yotere kuti aziphera makoswe m'nkhokwe, akalulu ndi agologolo a ndiwo. Makolo ankakonda ya cipolopolo cimodzi cifukwa inali kuphunzitsa mwana kudekha: akaphonya, nyama yapita, pakuti pofika poti aikenso cipolopolo cina kalulu ali kale m'chire.

Kampani ya Stevens inachuka ndi mfuti yochedwa Favorite, imene inapangidwa kucokera cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mpaka 1939. Kampani ya Remington ya ku Ilion, New York, inapanga No. 4 kucokera mu 1890 mpaka 1933. Ku Canada kunali za Cooey, ku Australia za Lithgow.

Ku Britain nkhani yake inakhudzana ndi Africa. Pa nkhondo ya ku South Africa ya 1899 mpaka 1902, Angerezi anaona kuti Mabunu, amene anakulira pa mafamu ndi mfuti m'manja, anali kulasa bwino kuposa asilikali ao. Mkulu wa asilikali Lord Roberts analimbikitsa anthu wamba kuyambitsa magulu ophunzira kulasa ndi mfuti za .22, popeza zinali zochipa ndipo zinkatheka kugwiritsidwa nchito pa malo ocepa. Kampani ya BSA ya ku Birmingham, imene inakhazikitsidwa mu 1861 ndipo inapanganso njinga zopalasa ndi zamoto, inapangira magulu amenewa mfuti zambiri za cipolopolo cimodzi. Cizindikiro cake ndi mfuti zitatu zoimikidwa pamodzi. M'nthawi ya ulamuliro wa atsamunda mfuti za ku Britain ndi za ku America zinafika kuno m'katundu wa alimi, amishoni ndi anchito a Boma, ndipo zina mwa izo zinatsala m'manja mwa anthu a m'dziko muno.

Apa pali mfundo yoyamba imene mwini mfuti yakale ayenera kuimvetsa. Mfuti zimenezi sizinapangidwire mafumu kapena anthu olemera. Zinali ziwiya za pa famu monga khasu ndi nkhwangwa, ndipo zinapangidwa zikwi mazanamazana. Cinthu cocuruka sicikwera mtengo msanga, ngakhale citakalamba cotani.

ZIWIRI ZA MIMBA IMODZI

Citsanzo cabwino ndi mfuti ya Winchester Model 67, yopangidwa ku New Haven, m'cigawo ca Connecticut. Inaturuka mu 1934, pa nthawi imene ku America kunali umphawi waukulu ndi kusowa kwa nchito, ndipo kampaniyo inafuna mfuti imene ngakhale wosauka akanatha kugula. Mapangidwe ake anacokera ku mfuti ina yaing'ono imene mmisiri wochuka John Browning anakonza cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mpope wake ndi wa mainchi 27, ndiwo masentimita pafupifupi 69. Munthu amatsegula citsekero ca kumbuyo, naika cipolopolo ndi zala, natseka, kenaka nakoka kamutu ka kumbuyo kuti mfuti ikhale yokonzeka. Kamutu kameneka kakapanda kukokedwa mfutiyo siilira, ndipo makolo ambiri anaikhulupirira cifukwa ca cimeneci.

Model 67 inapangidwa mpaka 1963, ndipo zonse pamodzi zinapitirira 380,000. Ndi mfuti yolimba ndiponso yolasa bwino, kotero zambiri zikalipo. Cifukwa ca kucuruka kwake, pa misika ya ku America yooneka bwino imagulidwa ndi madola mazana owerengeka cabe, ndipo yadzimbiri kapena yothyoka thabwa siifika n'komwe pamenepo. Ndalama zimenezi si zoti munthu n'kumangira nyumba ya malata kapena kugulira ng'ombe za pa goli.

Koma mfutiyi ili ndi mng'ono wake wochedwa Model 677, amene anapangidwa kucokera mu 1937 mpaka 1939 basi. Poiona ndi yofanana ndi 67, kusiyana kwake nkwakuti ilibe tizitsulo toyang'anira pa mpope, pakuti inapangidwa kuti izigwira nchito ndi galasi loonera patali. Anthu a nthawi imeneyo sanaikonde, ndipo zinapangidwa pafupifupi 2,200 zokha. Lero osonkhanitsa amaifunafuna, ndipo yokhala ndi galasi lake la ku fakitale imaposa mtengo wa 67 kangapo konse. Citsulo ndi cimodzimodzi, thabwa ndi limodzimodzi, zaka ndi zomwezo. Cimene cakweza mtengo ndi kusowa kwake.

Zili cimodzimodzi ndi Remington No. 4. Ya masiku onse ndi yosavuta kupeza, koma pali mtundu wake wina wochedwa No. 4-S, umene unayamba kupangidwa mu 1913 wooneka ngati mfuti ya asilikali, wophunzitsira magulu a anyamata. Za mtundu umenewu zinali zocepa, ndipo zimagulidwa ndi ndalama zambiri kuposa zinzake.

Pali cinanso cofunika kudziwa pa Model 67. Zogulitsidwa ku America zinalibe nambala ya fakitale, cifukwa lamulo lokakamiza kulemba nambala pa mfuti iliyonse linabwera mu 1968, kupangidwa kwake kutatha kale. Zina mwa zotumizidwa ku maiko akunja ndizo zinalembedwa manambala. Motero akatswiri amadziwa msinkhu wa mfutiyi poona tizinthu ting'onoting'ono. Mwacitsanzo, zoyambirira zinali ndi timigula togwiramo zala m'mbali mwa thabwa, ndipo timigula timeneti tinaleka kusemedwa cakumapeto kwa 1935. Munthu wosadziwa sangaone kanthu pamenepo, koma kwa wosonkhanitsa kamgula kameneka ndi kalata ya cibadwidwe.

DISO LA WOGULA

Akadziwa mtundu wa mfuti, wogula amayang'ana kasungidwe kake. Ku America bungwe la National Rifle Association linaika miyezo yoyambira pa mfuti yooneka ngati yangocoka ku fakitale, kutsika mpaka pa yotheratu. Buku lochedwa Blue Book of Gun Values limawerengera m'maperesenti, kunena kuti pa mtundu wakuda wonyezimira umene fakitale inaika pa citsulo patsala wocuruka bwanji. Mfuti imene yatsala ndi 98 peresenti ndi inzake ya 60 peresenti zimasiyana kutali mtengo, ngakhale zonse ziwiri zikulasa bwino lomwe.

Kenaka amasuzumira m'kati mwa mpope ataulozetsa kowala. M'menemo muli mizere yopota imene imazunguza mtovu kuti uyende molunjika. Mizere imeneyi iyenera kuoneka yakuthwa ndi yowala. Mfuti zambiri zakale zili ndi mipope yodyeka, ndipo cifukwa cake ncodziwika. Onga wakuda wakale ndi mankhwala oyatsira a masiku amenewo zinali kusiya mcere m'kati mwa mpope, ndipo mcerewo unali kukoka cinyezi. Mnyamata akabwera kosaka n'kungoimika mfuti pakona osaitsuka, dzimbiri linali kuyamba usiku womwewo. Vutoli linayamba kucepa ca m'ma 1927, pamene kampani ya Remington inaturutsa zipolopolo zosadya citsulo zochedwa Kleanbore. Ndiye cifukwa cake Favorite kapena No. 4 ya mpope woyera ndi yosowa, ndipo imalipiridwa bwino.

Amayang'ananso pakamwa polowera cipolopolo. Mfuti ya mtundu umenewu ikaomberedwa kawirikawiri mulibe cipolopolo, monga amacitira ana posewera, kamsomali kamamenya citsulo ca mpope ndi kusiya kabala. Kabalako kamacititsa kuti cigoba cizikanirira. Amaonanso ngati thabwa lili ndi ming'alu, ngati pali mabowo amene wina anaboola pofuna kumangapo lamba kapena galasi, ndiponso ngati tizitsulo tonse ndi tomwe tinacokera ku fakitale.

Zolemba za pa mpope ndizo mboni zazikulu. Pamakhala dzina la kampani, mzinda, mtundu wa mfuti ndi wa cipolopolo. Mfuti zopangidwa kapena zogulitsidwa ku Britain zimakhalanso ndi tizidindo ta nyumba zoyesera mfuti, ya ku London kapena ya ku Birmingham imene inakhazikitsidwa mu 1813. Tizidindo timeneti timasonyeza kuti mpope unayesedwa mphamvu, ndipo katswiri akhoza kudziwirapo nyengo imene mfutiyo inadutsa kumeneko. Zolembazi zikafufutika, mfuti yataya dzina, ndipo mtengo wapita nalo limodzi.

Ndi bwino kudziwanso kuti si mfuti zonse za mtundu umenewu zili za .22. Stevens ndi Remington anapanganso za .25 ndi .32, zimene zipolopolo zake zinaleka kupezeka m'masitolo kalekale. Mfuti yotere singagwirenso nchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo amene angaifune ndi wosonkhanitsa yekha.

KUKONGOLETSA NDIKO KUONONGA

Colakwa cacikulu cimene eni mfuti zakale amacita cimacokera m'mtima wabwino. Munthu akamva kuti mfuti yake ingakhale ya mtengo wapatali, amatenga sandipepala kapena mcenga napala citsulo mpaka ciyere mbee, napalanso thabwa, nalipaka vanishi wonyezimira, mwina ngakhale penti wa njinga. Iye amaganiza kuti waikweza. Kwa wosonkhanitsa, munthu ameneyu waipha.

Cimene ogula amafuna ndi mfuti monga inaturukira ku fakitale, pamodzi ndi zizindikiro za ukalamba wake weniweni. Citsulo cimene casanduka cofiirira pang'onopang'ono m'zaka 80, ndi thabwa limene lada ndi thukuta la m'manja, nzovomerezeka ndipo ena amazikonda. Koma mtundu wa ku fakitale ukapalidwa subweranso. Ngakhale mmisiri waluso ataudetsanso mwatsopano, akatswiri amazindikira poona kuti zilembo zafooka ndipo ngodya zakuthwa zakhala zobulungira. Mfuti yokonzedwanso motero kawirikawiri imataya gawo lalikulu la mtengo wake. Akuluakulu anati cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo ogula mfuti zakale amaopa kwambiri mfuti yonyezimira kuposa yakuda.

Cimodzimodzinso kudula mpope kuti ufupike, kuocherera citsulo cothyoka, kusema dzina ndi mpeni pa thabwa, kapena kusinthanitsa ziwalo ndi za mfuti ina. Kale m'midzi thabwa likang'aluka linali kumangidwa ndi waya kapena cikopa cofewa ca ng'ombe, ndipo mfutiyo inali kupitiriza kudyetsa banja. Kukonza kotere kunali kwanzeru pa nthawi yake, ndipo ndi mbali ya mbiri ya mfutiyo, koma pa msika wa osonkhanitsa kumatsitsa mtengo.

MBIRI YOLEMBEDWA

Pali cinthu cimodzi cimene cingakweze mfuti wamba kufika pa mtengo wodabwitsa, ndico dzina la amene anali mwini wake. Annie Oakley anali mai wa ku America wochuka polasa pa zionetsero, amene anamwalira mu 1926. Mu 2012 acibale ake anagulitsa katundu wake pa malonda a okushoni mu mzinda wa Dallas, kumene wochula ndalama zambiri ndiye amatenga katundu, ndipo mfuti yake ina yosakira mbalame inagulidwa ndi madola 143,400. Ogula sanalipire citsulo, analipira dzina.

Koma dzina liyenera kukhala ndi umboni. Kunena pakamwa kuti mfuti iyi inali ya bwana wakutiwakuti, kapena kuti inaperekedwa kwa mfumu yakutiyakuti, sikukwanira. Pamafunika kalata, lisiti, cithunzi, kapena laisensi yakale yosonyeza dzina ndi nambala. Ku Cody, m'cigawo ca Wyoming, kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale imene imasunga mabuku a fakitale ya Winchester, ndipo imalembera anthu makalata onena za tsiku limene mfuti yao inaturuka. Koma thandizo limeneli limatheka pa mitundu yokhayo imene inali ndi manambala ndipo mabuku ake anasungika.

Apa mabanja a m'dziko muno ali ndi phunziro. Mabuku akale a laisensi, malisiti a msonkho wa mfuti ndi zithunzi za agogo atanyamula mfutiyo si zinthu zokulungira fodya kapena zoyatsira moto. Nthawi zina pepala lacikasu limene lili pansi pa bokosi ndilo lofunika kuposa mfuti yeniyeniyo.

MSIKA ULI KUTALI, LAMULO LILI PAFUPI

Ngakhale mfuti itakhala ya mtundu wosowa, mwini wake ayenera kukumbukira kuti msika wake uli kutsidya kwa nyanja. Mitengo yolembedwa m'mabuku ndi ya kumeneko, osati ya ku Chipata, Katete kapena Petauke. Mfuti siituruka m'dziko ngati thumba la nshawa. Pamafunika cilolezo ca dziko lino, cilolezo ca dziko limene ikupita, wamalonda wovomerezeka ndi Boma, ndalama zotumizira, ndiponso gawo la ogulitsa pa okushoni. Pa mfuti wamba monga Model 67, zolipira zimenezi zikhoza kuposa mtengo wa mfutiyo. Ndiponso zinthu zokhudza mbiri ya dziko zimatetezedwa ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission, ndipo siziturutsidwa kunja mwacisawawa.

Malamulo a Zambia saleka kuwerengera mfuti cifukwa cakuti yakalamba. Munthu aliyense wosunga mfuti kapena zipolopolo ayenera kukhala ndi laisensi, ndipo laisensiyo imalembedwa m'dzina la munthu mmodzi. Siyenda yokha kucoka kwa atate kupita kwa mwana monga munda kapena njinga. Mwini mfuti akamwalira, acibale ayenera kudziwitsa apolisi kuti awalangize za kasungidwe kake kufikira wolowa m'malo atapeza cilolezo cakecake. Kugulitsa kapena kubwereketsa mfuti kwa munthu wopanda laisensi ndi mlandu kwa onse awiri, ndipo kusaka nyama za m'chire popanda cilolezo ndi mlandu winanso.

Pa cifukwa cimeneci mlendo wofika m'mudzi madzulo, wonena kuti amagula mfuti zakale ndipo safuna mapepala, ayenera kukayikiridwa. Wosonkhanitsa weniweni amafuna mapepala kuposa wina aliyense, pakuti popanda iwo mfutiyo sangaisunge kapena kuigulitsanso. Amene amathawa mapepala ali ndi nchito ina ndi mfutiyo, ndipo ikadzapezeka pa umbanda, mafunso adzabwerera ku nyumba kumene inacokera. Ayenera kukayikiridwanso amene amalonjeza cuma cambiri koma nayamba kupempha ndalama zoti akayezetsere mfutiyo kwa azungu. Macenjera amenewa ndi omwe aja anamvekapo pa nsimbi zakale za makala ndi makobiri obooka pakati.

Banja limene lapeza mfuti yopanda mapepala m'katundu wa malemu lisaibise kudenga kapena kuikwirira m'munda. Njira yoongoka ndiyo kukaonana ndi apolisi. Mu 2017 bungwe la African Union linasankha mwezi wa September kukhala mwezi wolimbikitsa anthu kupereka mwa kufuna kwao mfuti zosungidwa popanda cilolezo.

KASUNGIDWE KOYENERA

Kwa amene ali ndi laisensi, kusunga bwino mfuti yakale sikufuna ndalama zambiri. Coyamba ndi kutsegula ndi kuona ngati mulibe cipolopolo, pakuti mfuti zambiri zimene zinapha anthu m'nyumba ndi zomwe onse ankati ndi zopanda kanthu. Kucepa kwa cipolopolo ca .22 kusanyenge munthu: cimapha, ndipo cikhoza kuuluka mtunda wopitirira kilomita imodzi ndi theka.

Citsulo cipukutidwe ndi kansalu kofewa kodontheza mafuta opepuka, monga a makina osokera. Mafuta ophikira sayenera, cifukwa amauma ndi kumata. M'kati mwa mpope mupitemo kansalu ka mafuta kokokedwa ndi cingwe, osati waya kapena sipoko ya njinga, zimene zimakanda mizere. Mfuti isakulungidwe m'bulangete kapena m'cikopa kwa miyezi yambiri, makamaka m'dzinja, popeza zimenezi zimasunga cinyezi. Isatsamire pa khoma la dothi kumene ciswe cingafike pa thabwa. Malo ake ndi m'bokosi lokhoma, pouma, kutali ndi ana, ndipo zipolopolo zikhale kwina.

Mfuti yakale kwambiri isaomberedwe isanaonedwe ndi mmisiri wodziwa. Zambiri mwa izo, monga Favorite zoyambirira, zinapangidwira onga wofooka wa masiku amenewo, ndipo zipolopolo zamphamvu za makono zikhoza kuziononga ndi kuvulaza woombera. Cipolopolo ciyenera kukhala ca mtundu womwewo wolembedwa pa mpope.

Wofuna kudziwa mtengo weniweni alembe pa pepala zonse zolembedwa pa mfutiyo, ayeze utali wa mpope, ajambule zithunzi za mbali zonse, kenaka afunse kwa wamalonda a mfuti wovomerezeka ndi Boma. Ndi nzeru kufunsa kwa anthu awiri kapena atatu, ndipo wonena mtengo asakhale yemweyo wofuna kugula. Safunsa anadya phula.

Mabanja ambiri akacita zimenezi adzapeza kuti mfuti yao ndi imodzi mwa zikwi mazanamazana zija, ya ndalama zocepa pa msika. Zimenezi zisawakhumudwitse. Mfuti imene inateteza nkhokwe ku makoswe ndi nkhuku kwa akabawi kwa mibadwo itatu ili ndi mbiri imene buku la mitengo silingailembe. Mbiri imeneyo ikhoza kulembedwa ndi mwana wa sukulu m'kope, akuluakulu oikumbukira akali moyo: anaigula ndani, kuti, caka citi, ndi ndalama zocokera ku nchito yanji. Ngati mbiriyo ikukhudza mfumu, mishoni kapena zocitika za m'dziko, banja likhoza kufunsa nzeru ku nyumba zosungiramo zinthu zakale, monga ya ku Livingstone imene inayamba mu 1934, kapena ya ku Lusaka imene inatsegulidwa mu 1996. Cofunika pa zonsezi ncakuti mfutiyo ikhale ndi mapepala, ikhale pouma, ndipo sandipepala asaiyandikire.